Hortense Anayamba Waphimba Buledi

"Imitsani! Imitsani makinawo!"

Bambo Orville Dietrich anadzambatuka pampando ndudu ili kukamwa, mthunzi wa mutu wawo n'kuphimba theka la chinsalu. Magetsi anayaka m'kachipinda kotentha kaja kamene ankaoneramo katuni iliyonse isanapite kwa anthu. Amuna ojambula anayang'anana. Kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kunaima Mayi Voss, mkulu wa akazi a inki ndi penti, atapinda manja pachifuwa.

"Clyde, ndi chiyani chimenechi? Ine ndinati mbuziyo ione mmbulu, injenjemere, ikomoke, basi. Zophimba buledizi zachokera kuti?"

Clyde Brannigan, amene anakhala akujambula mbuziyo kwa zaka zitatu, anakanda m'mutu. "Abwana, dzanja limenelo si langa. Yanga ija inanjenjemera bwinobwino."

"Ndiye mukundiuza kuti mbuzi yadzijambula yokha?"

Bambo Dietrich anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana kuchitseko.

"Mayi Voss, ndiitanireni mtsikana amene anadinda gawo limeneli."

Chinali chaka cha 1934, ku Los Angeles, nthawi imene amuna ovala masuti ankaima pamzere wa supu. Kampani ya Bambo Dietrich inali yaing'ono, nyumba ziwiri zoyang'anana, pakati pali bwalo. Kutsidya kunkakhala amuna, amene ankajambula ndi pensulo nyama zikuthamanga, zikugwa, zikumenyana. Kuno kunkakhala akazi makumi atatu ovala magolovesi oyera, amene ankatenga zojambula za amunawo n'kuzidinda ndi inki pa mapepala oonekera ngati galasi, kenako n'kupaka penti. Lamulo linali lomveka: mkazi amatsata mzere wa mwamuna, saonjezera, sachotsa, ndipo bwalo salidumpha. Onse ankatchedwa atsikana, ngakhale Mayi Voss amene anali ndi zidzukulu ziwiri.

Koma tisanamizane, makatuniwo anali okoma. Tonde wotchedwa Ezra ankagwa kuchokera padenga, kupondedwa ndi galimoto mpaka kuphwatalala ngati chitumbuwa, n'kudzuka kudzisasa fumbi. Munthu amene wachotsedwa ntchito m'mawa ankalowa m'holo ya kanema masana, n'kuseka mphindi zisanu ndi ziwiri osakumbuka za lendi. Koma mkazi wa Ezra, mbuzi yovala epuloni yotchedwa Hortense, anali ndi ntchito zitatu zokha: kukuwa, kukomoka, ndi kuthamangitsa mwamuna wake ndi tsache.

Lorene Haskell analowa m'kachipindamo magolovesi akadali m'manja. Anali wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali, wa mapewa a kumunda. Anachokera ku Nebraska pamodzi ndi amayi ake mphepo ya fumbi itawalanda munda, ndipo ntchito imeneyi ndi imene inkawadyetsa awiriwo. Kawiri konse anapemphapo kuti aziphunzira kujambula kutsidya, kawiri konse n'kuyankhidwa mwaulemu kuti atsikana sajambula zoyenda.

Nkhani yonse inayamba milungu itatu m'mbuyomo, zojambula za Clyde zitafika patebulo la Lorene. M'zojambulazo Hortense ankakanya ufa wa buledi m'khitchini, mmbulu n'kusuzumira pazenera. Mnzake wa Lorene wokhala naye pafupi, Maxine Ortolani, anasuzumira n'kunong'ona:

"Taona mmene akukanyira ufawo. Akuimba piyano kapena?"

"Ndi nsonga za zala," anatero Lorene. "Buledi ameneyu angathyole munthu mano."

"Clyde buledi amangomudziwira m'mbale, mnzanga. Amaganiza kuti amathyoledwa mumtengo."

Anaseka chamumtima, poti kuyankhula kunali koletsedwa. Koma Lorene zinamukhala pamtima. Iye anakanyapo ufa wodyetsa amuna khumi ndi awiri nthawi yokolola tirigu, ndipo anaonapo amayi ake akuthamangitsa njoka m'khitchini osataya ndi supuni yomwe. Apa Hortense ankanjenjemera masekondi asanu ndi limodzi athunthu asanagwe. Masekondi asanu ndi limodzi ndi zithunzi makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri. Lorene anazijambulanso zonsezo yekha, nthawi ya nkhomaliro, m'chipinda chosungiramo zitini za penti, sangweji ali pabondo. Tsiku lina Mayi Voss anatsegula chitseko, anayang'ana mapepalawo nthawi yaitali, n'kutsekanso chitsekocho.

Tsopano Bambo Dietrich anali atamuloza ndi ndudu.

"Iwe, unasintha zojambula za Clyde?"

"Ndinasintha, abwana."

"Anakutuma ndani?"

"Palibe, abwana. Nthawi yake ndi yomweyo, nyimbo sindinaisokoneze, ndipo akukomokabe monga munanenera."

"Akukomoka ngati munthu amene akukonzekera ulendo wa pasitima!" Amuna ena anaseka, koma anasiya msanga ataona nkhope ya abwana. "Tamvera mtsikana iwe. Anthu amaseka mkazi akamakuwa. Ndakhala m'ntchito imeneyi iwe uli pasukulu. Mkazi woganiza saseketsa munthu."

"Mwina simunakhalepo m'khitchini, abwana."

Mayi Voss anatsinzina. Mawu anali atatuluka kale.

"Katuniyi ikuonetsedwa mawa masana, ndiye sindingathe kuikonza," anatero Bambo Dietrich motsitsa mawu, zimene zinali zoopsa kuposa kukuwa kwawo. "Ipita choncho. Koma iwe Lolemba ubwere udzatenge katundu wako. Atsikana ofuna mpando wakowo ali mbwee pageti."

M'basi yobwerera kunyumba Lorene anagwidwa ndi mantha enieni. Ankadziwa kuti ntchito ikachoka m'manja chaka chimenecho, ina sinkapezeka. Koma atawafotokozera amayi ake, mayiwo anangopitiriza kusenda mbatata.

"Ndiye akuchotsa chifukwa cha mbuzi?"

"Chifukwa cha mbuzi, amayi."

"Chabwino. Mawa unditengere ndikaione mbuziyo. Munthu sangafe ndi njala chifukwa cha nyama imene sanaione."

Loweruka masana holo inadzaza monga mwa nthawi zonse: ana kutsogolo, amayi otopa ndi kuchapa pakati, abambo opanda kolowera ali m'mbali. Kumbuyo kwenikweni kunakhala Bambo Dietrich ndi kachipangizo kawo kodina ndi chala. Unali mwambo wawo pa katuni yatsopano iliyonse kuwerenga kuti anthu aseka kangati. Lorene anawaona n'kutsitsa chipewa.

Nyimbo inayamba. Ezra anagwera m'chitsime, ana n'kukuwa ndi chimwemwe. Anatuluka chule ali pamutu, abambo n'kuseka. Kenako panaoneka khitchini.

Hortense ankakanya ufa ndi zikhatho, mapewa akukwera ndi kutsika, thupi lonse likukankha, ndipo anachotsa tsitsi pamphumi ndi kuseri kwa dzanja kuti asadzipake ufa. Pakati pa holo panamveka kaphokoso, ngati anthu amene aona m'bale wawo pachinsalu. Mmbulu unasuzumira pazenera, mano ali pamtunda. Hortense anauyang'ana. Anayang'ana ufa wake. Anatenga kansalu n'kuphimba ufawo bwinobwino, m'mbali monse. Anaphula mphika pachitofu. Anapukuta manja pa epuloni, anayang'ana pansi, anaona kuti pali zinyenyeswa, n'kusuntha pang'ono kupita poyera. Anakonza siketi. Atatero anaika dzanja pamphumi n'kukomoka mwaulemu wake, diso limodzi lili pa mphika.

Holo inaphulika. Sikunali kuseka kwa ana kuja. Kunali kuseka kwa amayi, kochokera m'mimba, kwa anthu amene sanaseke choncho chichokereni Khirisimasi. Mayi wina wonenepa kutsogolo kwa Lorene ankamenya mwamuna wake paphewa ndi kachikwama.

"Waona, Elmer? Waona? Ndi ine ameneyo! Ngakhale kufa ndidzayamba ndaphula mphika!"

"Ndaona, ndaona, usandithyole phewa!"

Abambo nawo anagwa m'phwete, mwina poseka mbuzi, mwina poseka akazi awo. Mbali yotsatira, imene Ezra anabwera kudzapulumutsa mkazi wake, palibe anaimva. Amayi a Lorene ankapukuta misozi ndi mpango.

"Mwanawe," anatero atapeza mpweya, "mapewa amenewo ndi anga."

"Ndi anu, amayi."

"Ndimatero ine ndikamakanya?"

"Mumatero."

Mayiwo anagwira dzanja la mwana wawo n'kulifinya mpaka kuwawa. Lorene sanayambe wanyadirapo choncho chibadwire. Ntchito inali itapita, inde, koma anthu mazana anayi anaseka ndi zimene dzanja lake linachita, ndipo zimenezo palibe akanamulanda.

Lolemba m'mawa analongedza zolembera zake m'katoni. Maxine ankalira poyera, kwinaku akutukwana amuna onse a padziko lapansi kuyambira Adamu. Mayi Voss anafika n'kunena kuti abwana akumufuna.

Mu ofesi munali Bambo Dietrich ndi Clyde. Abwanawo sanamuyang'ane kumaso.

"Khala pansi. Ndaganiza zokukhululukira. Ubwerere pampando wako. Hortense uzimujambula ndiwe, koma mwakachetechete, m'chipinda cha zitini momwemo. Ndikuonjezera kangachepe. Pachinsalu pazilembedwa dzina la Clyde monga kale. Anyamata asadziwe, atsikana anzako asadziwe."

Lorene anaika katoni pamiyendo. Anaganiza za amayi ake ndi za mzere wa supu. Munthu wanzeru akanathokoza n'kutuluka.

"Ndijambula, abwana. Koma osati mobisala ngati ndikuba. Mundipatse tebulo kutsidya, nthawi ya ntchito, pamene ena onse amajambulira."

"Wapenga kodi? Kutsidya kulibe mkazi ndi mmodzi yemwe! Anyamata amatukwana, amavula malaya, amalavula paliponse."

"Ndinakulira pakati pa okolola tirigu, abwana. Palibe chimene anganene chimene sindinamvepo."

"Ndiye tenga katoni yakoyo uzipita."

Lorene anaimirira. Anayenda n'kukagwira chitseko.

"Abwana," anatero Clyde. Anali akupotokola chipewa chake m'manja. "Mkazi wanga anali m'holo muja Loweruka."

"Ndiye?"

"Titatuluka anandikumbatira pamsewu, anthu akuona. Anati, 'Clyde, zaka khumi ndi chimodzi zonsezi sindinkadziwa kuti umandiyang'ana ndikamagwira ntchito.' Analira, abwana. Ndipo ine sindinamuyang'anepo. Sindikudziwa n'komwe kuti tsache amalisunga pati." Anapotokolanso chipewa chija. "Dzulo ndayesa tsiku lonse kujambula Hortense akuyanika zovala. Akuoneka ngati akukweza mbendera. Sindingathe. Tebulo la pafupi ndi langa lili chabe chichokereni mnzathu Hobart. Mumupatse."

Bambo Dietrich anayang'ana Clyde, anayang'ana Lorene, kenako anayang'ana kapepala kamene analembapo Loweruka kuti anthu anaseka kangati. Anali munthu wouma mutu koma sanali chitsiru, ndipo ankadziwa chimene chimadzaza holo.

"Tebulo utenge," anatero pomaliza. "Koma dzina lako pachinsalu ayi. Eni maholo angandiseke."

"Za dzina tidzakambirananso, abwana."

"Sitidzakambirananso!"

"Tidzakambirana," anatero Lorene modekha, n'kunyamula katoni yake.

Anatuluka ndi Clyde. Dzuwa linali litakwera, bwalo lili mbee. Mayi Voss anali pakhomo la nyumba ya akazi, ndipo ataona kumene awiriwo akulowera, anatembenuka n'kunena mawu awiri atatu m'katimo. Nthawi yomweyo mazenera onse anadzaza nkhope. Kuyankhula kunali koletsedwabe, ndiye akazi makumi atatu aja anayamba kugogoda magalasi ndi mipini ya maburashi, go go go, Maxine akutsogolera. Kutsidya amuna anasuzumira kuti aone chimene chachitika, wina n'kuyamba kuvala malaya mofulumira.

Lorene anayenda mutu uli m'mwamba. Pakati pa bwalo anafunsa osatembenuka:

"Akazi anu munawauza zoona?"

"Ndinawauza dzulo."

"Anati chiyani?"

Clyde anapumira m'mwamba. "Anati ndikupatseni moni. Ndiponso kuti kuyambira lero mbale ndizitsuka ine, kuti ndiphunzire kuona."

Anafika pakhomo la amuna. Clyde anatambasula dzanja kuti amutsegulire, koma Lorene anali atakankha kale chitsekocho ndi phewa, n'kulowa.