Chitseko Chimenecho Musachikhudze

Pepala la kugalaja linafika panyumba lili m'thumba la malaya a Mawotchi, lopindidwa kanayi, ndipo eni thumba analiponya patebulo ngati lawaluma.

"Werengani nokha," anatero. "Munthu kupita kuchipatala ndi chimfine, n'kubwerako ndi matenda khumi ndi awiri."

Akazi awo, omwe msewu wonse umawatchula kuti a Telala, anaimitsa makina osokera n'kuvala magalasi. Galimoto yawo, ija ana anaipatsa dzina loti Kamba chifukwa cha kayendedwe kake, inali itagona kugalaja masiku awiri. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi nesi, ndiye anaumirira kuti ipite ku sevisi yaikulu makolo ake asananyamuke ulendo wa tsiku lathunthu wokaona mdzukulu watsopano. Sevisiyo inatha bwino. Koma amakanika sabweza galimoto chimanjamanja. Analemba mndandanda wa zina zomwe anazipeza, ndipo ndalama yomwe Nesi anapatula sikanakwanira zonse. Panafunika kusankha.

A Telala anatsika ndi chala. Mabuleki akutsogolo. Matayala awiri. Lamba wa injini. Mashoko ochepetsa kugwedezeka m'mabampu. Mawaipa. Wailesi. Dzimbiri pa boneti. Chala chinafika pamzere womaliza n'kuima. Panalembedwa kuti: chitseko chakutsogolo, kumanzere.

Chimenecho chinali chitseko chawo, cha mbali yomwe iwo ankakhala. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo handulo ya mkati inangoti phwa m'manja mwawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo chitsekocho chinkatseguka kunja kokha. Ndiye kulikonse komwe afika, kaya kumsika, kaya kubanki, a Mawotchi ankazimitsa injini, kutuluka, kuzungulira kutsogolo kwa galimoto, kutsegula chitseko, n'kupereka dzanja chifukwa mpando wa Kamba ndi wotsika. Ankachita zimenezi akung'ung'udza mawu omwewo: "Chitseko ichi ndichikonza Loweruka." Maloweruka anadutsa ambirimbiri. Munthu wokonza mawotchi, woona kasipuling'i kochepa ngati nsidze, kulephera handulo! Ana ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Azimayi anzawo sankadziwa za handuloyo. Ankangoona bambo wa imvi akutsegulira mkazi wake chitseko, n'kumagwedeza mitu mosirira. "Inu a Telala, munawadyetsa chiyani bambowa?" A Telala ankangomwetulira, osawongola nkhani.

Tinene zoona, a Mawotchi si munthu wa mawu okoma. Tsiku lomwe anafunsira mbeta, mawu awo oyamba anali oti, "Wotchi yanuyo yatsalira ndi mphindi zinayi." Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu za banja sizinawonjezerepo zambiri. Pamsewu ankayenda patsogolo, mkazi pambuyo. M'nyumba ankakhala pakona yawo, kagalasi padiso, msana kwa anthu. Dzanja la akazi awo ankaligwira pamalo amodzi okha padziko lonse, pachitseko cha Kamba. A Telala ankadziwa kuti n'zochititsa manyazi, mayi wa zidzukulu kumadandaula za handulo. Koma mantha analipo ndithu. Chitsekocho chikakonzedwa, bamboyo azidzangotuluka n'kulowera kwawo, iwo n'kumadzitsegulira okha mpaka tsiku lomwalira.

Madzulo Nesi anadzera pomwepo akuchokera kuntchito, yunifolomu isanavulidwe. Anawerenga pepalalo ali chiimire.

"Choyamba ndi chitseko," anatero.

"Chitseko chapha ndani?" anafunsa amayi ake. "Pali mabuleki apa."

"Amayi, ine ndimawalandira anthu angozi tsiku ndi tsiku. Galimoto itagwera m'ngalande, abambo n'kukomoka, inu mutuluka bwanji? Muzidikira Loweruka?"

A Telala anadziwa kuti mwanayo ankanena zoona, ndipo palibe chowawa ngati kugonja kwa mwana wobala wekha.

"Chitsekocho ndikonza ndekha," anatero a Mawotchi kuchokera pakona yawo, osatembenuka. "Akonze wailesi. Ulendo wa tsiku lonse popanda nkhani, munthu ungafike utapenga."

"Mwamva?" Nesi anakweza manja. "Awa akapita okha kugalaja, akabwerako ndi wailesi yatsopano pa matayala osalala."

"Ndipita ndine," anatero a Telala mwachangu.

Apa a Mawotchi anatembenuka, kagalasi kali padiso. "Kugalaja n'kwa girisi. Mukadetsa diresi."

"Ndikachapa."

Bamboyo anatsokomola, n'kubwerera ku wotchi yawo. Anagwirizana kuti a Mawotchi adzabwera cha m'ma folo koloko kudzatenga galimoto, poti a Telala sayendetsa.

M'mawa mwake a Telala anafika kugalaja zitseko zikungotsegulidwa. Munkanunkha oilo wakale ndi labala. Kamba anali pamajeke, matayala akutsogolo atachotsedwa, akuoneka womvetsa chisoni ngati nkhalamba yoiwala mano ake m'kapu. Mwini galaja anali mayi wamfupi wojintcha, wa ovololo yabuluu ndi pensulo kukhutu, yemwe aliyense ankamutchula kuti a Sipanala.

"Mwachita bwino kubwera, mayi," anatero a Sipanala akupukuta manja. "Ena amangoona pepala n'kukwiya. Safunsa anadya phula. Ine zinthu ndimaziika milu itatu. Pali zomwe zingakupheni lero, pali zomwe zingakusaukitseni mawa, ndiye pali zongonyansa. Bwerani muone ndi maso anu."

Anayamba ndi mabuleki. Anatulutsa kachitsulo kopyapyala n'kukaika pafupi ndi katsopano, konenepa kanayi kuposa kakaleko. A Telala sanafune womasulira. Kenako anawayendetsa chala pa tayala, ndipo chalacho chinangotsetsereka ngati pa mbale.

"Mulu woyamba," anatero a Telala okha.

"Mwakhoza. Tsopano uyu." A Sipanala anawalitsa tochi pa lamba wa injini. "Akuyendabe. Koma akaduka muli pamsewu, injini yonse imatsatira."

A Telala anawerama. M'mphepete mwa lambayo munali timing'alu ndi tiulusi totuluka. Apa ndiye anafika kwawo. "Msoko ukayamba kumasuka umausoka lero," anatero. "Ukati mawa, usoka diresi lonse. Sinthani."

"Inu mukanakhala makanika."

"Nanga mashoko?"

"Atopa, koma sakudontha. Kwa woyendetsa mothamanga ndikanati tisinthe. Bambo aja amathamanga?"

"Tinapitiriridwapo ndi munthu wa njinga atanyamula tebulo."

A Sipanala anaseka mpaka pensulo inagwa. Mashoko anati adikire mpaka abwereko kuulendo. Mawaipa anati asinthidwe poti mvula inali pafupi ndipo sadula. Za dzimbiri la pa boneti a Telala anangokupiza dzanja: kupaka penti pamwamba mabuleki ali otha, chimenecho n'chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Wailesi anaidula ndi pensulo mokondwa kwambiri. Bamboyo akafuna nkhani azilankhula ndi mkazi wake.

Unatsala mzere umodzi. A Telala anali atakonza bodza usiku wonse, loti chitsekocho akonza mphwawo wa a Mawotchi, koma pamaso pa mayi wa manja a girisi uja bodzalo linakana kutuluka.

"Chitsekocho musachikhudze," anatero motsitsa mawu. "Ndikudziwa kuti mwana wanga akunena zoona, ndi changozi. Koma mayi mnzanga, ndikuuzeni. Bambo aja sadziwa kunena zachikondi. Chitseko chimenechi ndicho chimawachititsa kuti andigwire dzanja. Mukachikonza, mwandilanda."

A Sipanala anapukusa mutu. "Chitseko chosatseguka mkati chimapita pamulu woyamba, mayi. Ngakhale mutandigwadira, galimoto yotero singatuluke pageti langa. Koma ine ndalemba za labala wa m'mphepete. Watha, madzi a mvula akulowa."

"Nanga handulo?"

"Handulo yatani?"

"Inathyoka kalekale."

"Talowani mukhale."

A Telala analowa mosamala, poti galimoto inali pamajeke. A Sipanala anatseka chitseko n'kubwerera m'mbuyo, manja m'chiuno. "Kokani."

Dzanja la a Telala linapita pa handulo ngati likupita pa mbaula yamoto. Anakumbukira kuti mwezi woyamba uja ankaikoka mwachizolowezi, kenako analeka, ndipo kuyambira pamenepo sanaikhudzenso. Anakoka ndi zala ziwiri. Chitseko chinati kwe, n'kutseguka mofewa kuposa chitseko cha kabati yawo ya mbale.

"Mwakonza dzulo!" anakuwa.

"Ine? Taonani izi." A Sipanala anali atamasula kale chophimba cha mkati mwa chitseko pofufuza polowera madzi, ndipo anangochikoka n'kuwalitsa tochi. Waya wa handulo anali wolumikizidwa ndi kachitsulo kachikasu, kosemedwa bwinobwino, komangidwa ndi timasikuluwu tinayi tating'ono ngati njere za mpiru. "Iyi si ntchito ya makanika. Ife tilibe n'sikuludiraiva yomwe yomangira tinthu totere. Ndipo onani fumbi lake, papita zaka zambiri. Koma oilo ndi watsopano. Pali munthu amene amatsegula muno n'kumadonthezera, kuti isadzakanike tsiku lomwe idzafunike."

Timasikuluwu timeneto a Telala ankatidziwa. Ankatisesa m'mawa uliwonse pansi pa tebulo la pakona, n'kumatitolera m'kachitini kwinaku akudandaula.

Anatsamira pampando paja. Kenako phwete linawaphulika, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka Kamba anagwedera pamajeke ndipo a Sipanala anathamangira kukamugwira. Misozi inatsika, magalasi anachita nthunzi. Zaka zonsezi iwo akuopa kuti bamboyo adzakonza chitseko, pomwe bamboyo anachikonza kalekale n'kumazungulirabe galimoto, pamvula, padzuwa, ndi bondo lawo lovuta lija.

"Nkhalamba yabodza!" anatero akupukuta m'maso. "Tambwali wachabechabe! Loweruka, Loweruka!"

"Ndiye labala uja tisinthe?"

"Sinthani. Mutseke bwino momwe munapezera. Pakamwa panunso mutseke."

A Sipanala anatola kena kake pansi pa chitsekocho, kasikuluwu kachisanu komwe kanagwera mkati nthawi yomwe bamboyo ankakonza handuloyo, n'kukaika m'dzanja la a Telala. A Telala anakamanga pakona ya mpango. Kenako anaimbira Nesi foni. "Chitseko chikutseguka mkati, ndayesa ndekha. Usandifunse zambiri, ndipo abambo ako usawauze kanthu."

A Mawotchi anafika folo koloko yeniyeni, poti iwo sachedwa. Analowa akuyang'ana nkhope za amayi awiriwo mosinthanasinthana, ngati mwana amene sakudziwa ngati aphunzitsi aona kale zomwe walemba pakhoma.

"Mwasankha zotani?"

"Mabuleki, matayala, lamba, mawaipa ndi labala wa madzi," anayankha a Telala. "Mashoko tikabwerako."

"Wailesi?"

"Muziimba nokha."

Njira yonse bamboyo sanalankhule, kupatula pamphambano pomwe anaponda buleki mwachizolowezi chakale, Kamba n'kuima nji, onse awiri n'kuweramira kutsogolo. "Agwira," anatero a Mawotchi. "Agwiradi," anavomera a Telala.

Atafika pakhomo a Mawotchi anazimitsa injini, koma sanatuluke. Anakhala manja ali pachiwongolero, akuyang'ana kutsogolo, diso limodzi likuba kumanzere komwe kunali handulo. Apa m'pamene a Telala anazindikira kuti mantha aja sanali awo okha. Anaika manja onse awiri pachikwama, n'kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Mukudikira chiyani?" anafunsa a Telala pomaliza. "Ndigone muno?"

"Sanachikonze?"

"Akuti zipangizo zake sizipezekanso."

A Mawotchi anatuluka msanga kuposa masiku onse. Anazungulira kutsogolo kwa galimoto akutsimphina pang'ono, anatsegula chitseko, n'kupereka dzanja. A Telala analigwira n'kudzuka, ndipo podzukapo anasiya kanthu kakang'ono m'chikhatho cha amuna awo.

"Amakanika akuti aka kanatsalira m'chitseko. Akuti mwini wake akasunge."

Bamboyo anayang'ana kasikuluwuko nthawi yaitali, ngakhale kuti munthu wa ntchito yawo sakanafuna mphindi kuti akazindikire. Makutu awo anagwedera. Anakaika m'thumba la malaya, n'kutsokomola.

"Chitseko ichi," anatero, "ndichikonza Loweruka."

"Loweruka muli ndi mawotchi a anthu," anatero a Telala. "Chisiyeni."

Dzanja lija sanalisiye mpaka anafika pachitseko cha nyumba, chomwe kunena zoona sichinavutepo n'kamodzi komwe, koma bamboyo anawatsegulirabe.