Matope a ku Japan

Kwarteng anabwera kuchokera ku Japan ndi zinthu ziwiri: jekete lachikopa losagwirizana ndi dzuwa la ku Kumasi, ndi msana wosachedwa kuwerama. Mayi wogulitsa madzi, kumuweramira. Wapolisi, kumuweramira. Tsiku lina anaweramira foni. Twumwaa, mwana wa mayi ake aakulu, ankamusuzumira ali pansi pa dashibodi ya galimoto n'kumatsonya mpaka mano kuwawa.

Twumwaa anali atagwira ntchito ya mawaya zaka khumi ndi chimodzi pa shedi yokonzera magalimoto ya malume awo, Wofa Amankwaa (Wofa ndiye malume m'Chitwi, chinenero cha kwawoko), ku Suame, dera la amakaniko ku Kumasi. Galimoto za ku Japan zimafika chiwongolero chili kumanja. Amuna akachisamutsira kumanzere monga lamulo la m'dzikomo limafunira, mawaya amasokonekera, dashibodi n'kuyamba kudandaula m'zilembo zake zonga mapazi a nkhuku. Amakaniko ena ankangomata tepi yakuda pa nyali yodandaulayo, basi yachira. Twumwaa ayi. Ankakopera zilembozo m'kope, kufunsa foni, kufufuza m'mabuku oiwalika m'magalimoto. Chijapanizi chake chinalibe moni. Chinali cha mabuleki, batire, mafuta ndi ngozi.

Tsono Wofa anali atakalamba, maso akuchita nkhungu, ndipo mwa mwambo shedi inayenera kugwera mwana wa mlongo wawo. Ana otere analipo awiri.

Lamlungu, anthu atakhuta fufu, nsima ya kumeneko, Kwarteng anatulutsa mafomu a sukulu ya chilankhulo ya ku Nagoya, ku Japan, nawapereka kwa Twumwaa ndi manja awiri, atawerama ndithu.

"Chilankhulo sachiphunzirira pa foni, achemwali," anatero. "Chimafuna kuchipuma, kuchidyera limodzi ndi mpunga wa komweko. Zaka ziwiri zokha. Shedi ndikusungirani ine."

"Fisi wasunga liti mbuzi?" anafunsa Twumwaa.

"Usamunyoze mlongo wako," anatero Wofa. "Iye wayenda, iwe sunadutsepo Accra. Ntchito yatsala ndi ya Ajapanizi, ndiye shedi ndisiyira wodziwa chinenero chawo. Pita ukaphunzire chenicheni. Lachisanu undiyankhe."

Twumwaa ankadziwa kuti ku Suame ukasiya shedi miyezi itatu, umakapeza dzina la wina pa chikwangwani. Koma chimene chinamukwiyitsa kwambiri n'chakuti mtima wake unkafuna kupita. Ankalakalaka kumva zilembo zakezo zikutuluka m'kamwa mwa anthu. Mafomu aja anawabisa m'bokosi la masipanala, ndipo tsiku lililonse ankawatulutsa atasamba m'manja. Anadzida nazo yekha.

Lachisanu m'mawa galimoto ya Wofa inafika kuchokera kudoko la Tema. Zaka makumi anayi akukonza za anthu ena, iyi inali yoyamba yawoyawo, yoyera mbee, yosankhidwa ndi Kwarteng pa foni. Amakaniko a mashedi oyandikana anasiya nyundo kudzaonerera. Wofa anaisisita ngati ng'ombe ya chiwongo, kenaka anapeza m'kabati yakutsogolo pepala la kuokushoni, lija amalembapo mbiri yonse ya galimoto.

"Tiwerengere, boga," anatero monyadira. Ndi mmene anthu a ku Kumasi amatchulira aliyense wobwera kuchokera kunja, ngakhale amene ankangosesa kumeneko.

Kwarteng anatsokomola. Anatulutsa mawu angapo a m'mphuno, anthu nati, "Eei!"

"Akuti galimotoyi ndi yapamwamba zedi. Mwini wake anali mayi wachikulire, dokotala. Ankangopita nayo kumsika Loweruka."

Anthu anawomba m'manja. Twumwaa anayandikira n'kusuzumira paphewa pake. Pansi pa pepalalo, m'kabokosi ka ndemanga za woyendera, panali zilembo ziwiri zolembedwa ndi bolopeni. Anali atakumana nazo kawiri m'moyo wake, ndipo kawiri konseko mawaya a galimotozo anawapeza atachita ndere.

"Nanga apa akuti chiyani?" Analoza ndi chala cha girizi.

"Ndi moni chabe. Ajapanizi ndi anthu aulemu."

"Tiwerengere moniyo, timve nawo ulemuwo."

Kwarteng anatembenuza pepala, nalibwezanso. Thukuta linayamba kutsikira m'jekete muja.

"Zolemba pamanja n'zovuta, achemwali. Dera lililonse lili ndi kalembedwe kake."

"Akuti inamira m'madzi osefukira," anatero Twumwaa. "Dokotala wakoyo ankapita kumsika posambira."

Ena anaseka, koma Oduro wowotcherera zitsulo anakuwa, "Nsanje imeneyo! Mzimayi wa mawaya angapose munthu amene wadya mbale imodzi ndi Ajapanizi?"

"Twumwaa," anatero Wofa, "usandinyozere galimoto pagulu."

Twumwaa anapita pa bokosi la masipanala. Mikangano ya pakamwa ankaisiyira ogulitsa mankhwala m'mabasi. Anatenga sipanala, namasula mpando wakutsogolo, nausolola n'kuukhazika padzuwa. Anakanganula kapeti. Fungo la chithaphwi linatuluka, oonerera apafupi n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Pansipo panali matope otuwa, owuma pamwamba, anyontho mkati, ndipo mtolo wa mawaya unali utagona momwemo, wobiriwira ndi dzimbiri.

Ngakhale Oduro anapeza choti ayang'ane kumwamba.

"Zaka zitatu, Kwarteng," anatero Wofa pang'onopang'ono. "Unkatani kumeneko?"

Kwarteng anayankha akuyang'ana nsapato zake. Sukulu inali ya m'mawa, iye ankafikako atatopa n'kumagona pa desiki. Nthawi yotsala ankaimirira m'fakitale kulongedza nsomba m'mabokosi, pakati pa anyamata akwawo, a ku Techiman ndi a ku Sunyani, akucheza m'Chitwi chokhachokha. Mjapanizi amene anamulankhula kwambiri anali kapitawo, ndipo mawu ake anali awiri: fulumira, ndi pepesa.

Chisoni chinamutera Twumwaa pang'ono. Anachiingitsa ngati ntchentche atakumbukira kuti munthu yemweyu ankamutumiza ku nsomba zomwezo, iye n'kutsala akulembetsa dzina lake pa chikwangwani.

Wofa anakhala pa mpando wochotsedwa uja, pabwalo, nkhope itagwa. Galimoto yawo yoyamba anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ikonzeka, mwana wa mlongo wanga?"

"Mawaya onse ngochotsa, Wofa. Miyezi iwiri, mwina itatu. Koma ine si ndikupita kukaphunzira chenicheni? Akukonzereni a boga."

"Usandizunze. Ndine munthu wamkulu."

Twumwaa anatsegula bokosi la masipanala natulutsa mafomu aja. Ulendo uno sanasambe m'manja. Anayang'ana kamodzi chithunzi cha sitima yoyera ya pachikuto, mtima n'kumuwawa ndithu, pakuti ankadziwa kuti sadzaikwera. Kenaka anatapa matope odzaza dzanja, nawaika pakati pa mafomuwo, n'kukulunga bwinobwino monga amakulungira nsomba yokazinga pamsika. Phukusilo analipereka kwa Kwarteng ndi manja awiri.

"Tenga kwanu uku, ungamakusowe. Ine Japan imandipeza pompano, pa kontena, ndi matope ake omwe."

Wofa anapapasa m'thumba la malaya, natulutsa makiyi a shedi omangidwa pa waya wofiira, n'kuwaika pa bokosi la masipanala la Twumwaa. Kwarteng anaima ndi phukusi lake likudontha, mutu uli pansi, msana utapindika. Chibwerereni kuchokera ku Japan, aka kanali koyamba kuti kuwerama kumukhale.