Tsitsi la Mwana wa Wowotcherera

Mayi aang'ono anatsika basi atamanga kale mfundo yoti lero akukatenga mwana wa malemu akulu awo. Bambo a mwanayo anali munthu wabwino ndithu, koma ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo, ndipo ubwino pawokha supesa mwana. Ulendo wathawu anapeza mtsikanayo atapsa m'mutu ndi mankhwala owongolera tsitsi amene anamupaka mnzake. Tsitsi linali gwa ngati udzu wouma, likutsalira m'chipeso, mwana akukana kupita kusukulu chifukwa cha manyazi. Anawauza alamu awowo pamaso kuti sukulu ikangotsekera, mwanayo azikakhala kwa iwo. Bambowo anangoyang'ana pansi.

Lero anawapeza awiriwo kuseri kwa shedi, pakati pa mageti osapenta ndi mafelemu a mawindo. Mtsikanayo anakhala pa chigubu, thaulo lili paphewa. Bambo ake, chimunthu chonyamula geti chokha, anali atagwada kumbuyo kwake ndi kambale, akumupaka zobiriwira m'mutu kagawo kamodzikamodzi, lilime lili panja.

"Mwayamba kupenta ndi mwana yemwe, alamu?" anafunsa mayi aang'onowo.

"Takulandirani. Ndi peyala lakupsa, uchi pang'ono ndi mafuta a nsatsi," anayankha bambowo. "Pepani, dzanja sindikupatsani."

"Kale ankathiramo dzira," anatero mtsikanayo akuseka. "Tawafunseni chimene anasiyira."

Bambowo anatsokomola. Nkhani inali yakuti, pokhala munthu wa zitsulo, ankakhulupirira kuti chouma chilichonse chimafewa ndi moto. Ndiye atapaka dzira, anatsuka mutuwo ndi madzi otentha. Dzira linapsera m'tsitsi momwemo, ndipo anaswera tsiku lonse akutola timabuma toyera ngati akusankha mpunga, mwana akulira, kenako onse awiri akuseka.

"Safunsa anadya phula," anatero bambowo. "Kuyambira pamenepo, mayi aliyense wobwera kudzagula geti sachoka ndisanamufunse zimene amadzola."

Mayi aang'ono sanafune kukhulupirira zongomva. Anapinda malaya m'manja n'kugwira tsitsilo. Linali lofewa, ndipo atalikoka linabwerera osaduka. Nsonga zopserera zinali zitadulidwa bwinobwino, ndipo m'munsi munali mutamera lina lakuda bii.

Kenako maso awo anagwera pa manja a alamu awo. Ankawadziwa manja amenewo, okhakhala, odzaza zipsera za moto. Lero zikhadabo zinali zowengedwa, zikhatho zosalala.

"Amazikhula ndi pepala lopalira zitsulo," mtsikanayo anaulula. "Akuti zimakola tsitsi langa. Masiku ano amavalanso magolovesi, omwe ankati ndi a anthu aulesi."

Apa mayi aang'ono analisiya tsitsilo. Anali atabwera ndi mkwiyo wokonzakonza, koma anachita chidwi ndi munthuyu. Akulu awo sanasankhe molakwa.

Bambowo anamuveka mwanayo pepala lapulasitiki kumutu kuti mafuta alowerere, n'kupukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira.

"Kuluka kokha ndiye kwandikanika," anatero chapansipansi. "Mizere imakhota. Kwanuko mwina azikaoneka bwino. Zovala zake ndachapa, zangotsala kulongedza."

Mtsikanayo analeka kuseka n'kugwira buluku la bambo ake.

Mayi aang'ono anaika chikwama chawo pansi, nakokera chigubu china pafupi.

"Mumutsuke kaye, ndi madzi ozizira," anatero. "Mukatero mukhale apa, muyang'anitsitse zala zangazi. Ine sindingamabwere sabata iliyonse kudzakulukirani mwana wanu."