Mabatani a Paphewa

Mayi aakulu anali kukolopa m'kachipinda kosungiramo makala pomwe anamva alamu awo akukalipa pabalaza.

"Kuchipatala kuja supitakonso! Mwana wanga si khoswe woti aziyeserapo mankhwala."

M'kachipinda kameneka ndi momwe mng'ono wawo, yemwe anali telala, anafera ndi khansa ya khomo la chiberekero. Mwamuna wake anamusamutsiramo, ati akununkha. Maliro anaikidwa dzana. Lero munthu yemweyo wakumbukira kuti ali ndi mwana.

"Bambo, yatsala jakisoni imodzi," anatero mtsikanayo. "Amayi ndi amene anandiperekeza kukalowa nawo kafukufuku wa katemerayu."

"Katemera wa matenda a mahule? Paja unati ena amawabaya weniweni, ena ayi. Mwina iwe akungokuthira madzi!"

"Kaya ndi madzi, bambo. Akatiyerekeza, adziwa ngati amateteza."

Achibale a bamboyo anali atakhala pamipando, pamodzi ndi mayi wina wopaka milomo, amene aliyense ankanamizira kuti sakumudziwa.

Mayi aakulu anaika chikolopa pansi. Anagwira matiresi omwe malemuyo ankagonapo, a madontho akuda okana sopo, n'kuwakwekweza mpaka pabalaza. Anawaponya pamapazi pa alamuwo. Fungo linadzaza nyumba yonse.

"Nunkhizani, alamu. Chotsani dzanja pamphunopo, nunkhizani! Matenda a mahule mwati? Mng'ono wanga anadziwa mwamuna mmodzi, ndi uyu wavala tayiyu. Adokotala anati kachilombo kake kamadzera pogonana. Ndiye anakatenga kwa ndani, makina osokera?"

"Mwayamba misala kapena?"

"Ndinayamba tsiku lomwe ndinaika mwamuna wanga. Wondiletsa ndilibe. Inunso amilomo inu, senderani muwaone bwino. Akadzatopa nanu, pogona panu ndi pomwepa."

Mayi uja anatola kachikwama kake, ulendo osatsanzika. Alamuwo anayang'ana achimwene awo, achimwenewo anayang'ana kudenga.

"Matiresiwa akhala pano mpaka mwanayu atabayitsa. Mukangowasuntha, ndikawayala pakhomo la ofesi yanu, ndipo ndikakhala pambali n'kumafotokozera odutsa." Anatembenukira mtsikanayo. "Kavale iwe, tizipita."



Mtsikanayo anatuluka atavala bulauzi yomwe mayi ake anasoka komaliza, pomwe ankakhalira mbali imodzi pampando chifukwa cha ululu. Ali pabenchi la kuchipatala, mayi aakulu anaona kuti mkono wakumanzere uli ndi timabatani kuyambira paphewa, wakumanja ulibe.

"Apa mayi ako anasokoneza?"

"Ayi. Anati iwo anatopa n'kuvulidwa pamaso pa anthu. Ine ndizingomasula apa, anesi n'kubaya."

Nesi ataitana, mayi aakulu anachotsa dzanja la mwanayo paphewapo, n'kumasula okha timabatanito, kamodzikamodzi. Komaliza kanasokedwa mokhota, ulusi wake wamtundu wina, koma kanali kolimba kuposa tonse.