Anakuzemberani Ndani M'lingamo?

Pangano lawo linali loti ngakhale mwana akanalisunga: gemu ija aziisewera ali awiri basi. Inali gemu ya nthawi ya sitima za matanga ndi mizinga. Nkhani ikakhala pamtunda, rimoti ankagwira ndi Namwino. Kukwawa m'maudzu, kukwera madenga, kuzemba alonda a m'linga osathyola ndi kamtengo komwe, zonsezo zinali zake. Ikafika panyanja, rimoti inkapita kwa mwamuna wake, yemwe anadzipatsa yekha dzina loti Kaputeni. Kuwomba mizinga ankakudziwadi, koma pozemba ankayenda ngati wamanga mabelu m'miyendo.

Sabata yonse Namwino anaithera kuchipatala, miyendo kuchita kutupa, mtima uli pa funso limodzi: ndani m'sitimamo ankaulula zinsinsi kwa adani? Yankho ankafuna alione ndi maso ake, mwamuna wake ali pambali. Loweruka masana anavula nsapato, nakhala pasofa, gemu nkuyamba.

Sitima inalowa m'nkhungu. Kutsogolo sikunkaoneka kanthu, koma Kaputeni anapotoza chiwongolero, nkuwomba mizinga kudzanja lamanja. Kenako ndi pomwe sitima ya adani inatulukira, ikuyaka kale. Namwino anamuyang'ana cham'mbali.

Atafika pa linga, Namwino analandira rimoti, nayamba kukwawa.

"Musadzere kumigoloko," anatero Kaputeni. "Kuseri kwake kuli mlonda."

Namwino anaimitsa gemu.

"Mwadziwa bwanji?"

"Nzeru za ukaputeni, mayi."

"Nzeru zanu zimaona kuseri kwa migolo kuyambira liti? Mwasewera ine kulibe!"

Kaputeni anakanda m'mutu. "Pang'ono pokha. Kungoti pang'onopo panakafika kumapeto."

Mtima wa Namwino unawira. Anthu ena manyazi anasiya m'mimba mwa amayi awo! Iye kukhalira kuthamanga ndi odwala, munthu uyu ali pano kudya yekha za awiri, lero nkukhala pafupi naye nkhope ili gwa, kumanamizira kudabwa. Koma panali china chomwe chinamubaya koposa.

"Nanga m'lingamo anakuzemberani ndani? Inu simungazembe ngakhale nkhuku yogona. Ndani anagwira rimoti yanga?"

Kaputeni asanatsegule pakamwa, kunatulukira amayi ake, omwe anabwera kudzacheza sabata imeneyo, atanyamula zovala zosita. Anaima kuyang'ana pa TV, nkhope ikuwala.

"Eee, mwafika pa linga? Apa ndinatulukapo thukuta ine, mwana wanga. Mudzere padenga. Koma wophika wa m'sitima uja musamumvere chisoni ayi, kazitape ndi iyeyo. Pomwe ankamukankhira kaputeni m'madzi kumapeto kuja, ine misozi inatuluka."

Wophika! Mkulu wanthabwala uja, yemwe Namwino ankamukonda kuposa onse m'sitimamo. Mawu anadzaza pakhosi, akuluakulu, oyenera kumveka mpaka kumsewu. Koma apongozi sakalipiridwa.

"Zikomo, amayi," anatero, mano ali gwa.

"Musadandaule, mukakanika mundiitane."

Apongozi analowa kuchipinda akung'ung'udza kanyimbo ka amalinyero. Namwino anayatsanso gemu. Anamudzutsa munthu wake wa m'gemumo m'maudzu muja, namuyendetsa chilili mpaka pakati pa bwalo la linga, dzuwa likuswa mtengo. Belu linalira. Alonda anatuluka mbali zonse, malupanga ali m'manja.

Ndipo anaika rimoti pamiyendo pa mwamuna wake.

"Zembani, a Kaputeni."