Kilachi Imene Alamu Adakonza

Amuna anga atadwala sitiroko dzanja lamanzere lidafa, koma mtima wapamadzi sudafe. Ndidawachonderera kuti agulitse boti, ana adalankhula mpaka malovu kuuma, iwo kukana kwamtuwagalu. Anthu sadawatche Mwendayekha pachabe. Adakagula makina owongolera boti, aja umangowalozera kolowera iwo n'kumagwira okha chiwongolero, akuti dzanja lotsalalo lizikoka mbedza.

Makinawo anali ndi vuto limodzi, ndipo ine vutolo ndinkalikonda. Mkati mwake muli kilachi ya maginito yolumikiza mota ndi chiwongolero. Kuti igwire imadya magetsi osalekeza, kaya boti likukhota kaya likungopita. Injini yathu ndi yamakedzana, sitchaja batire. Ndiye dzuwa likafika pamutu batire limakhala litatha moto, chiwongolero n'kumasuka, boti n'kuyamba kuzungulira ngati galu wofuna pogona. Asodzi anzawo akaona choncho ankapita kukawathandiza kubwerera kumtunda. Bambowo ankafika akutukwana, koma ankafika. Ndinkawamwetsa mankhwala awo a masana n'kuwagoneka.

Kenaka alamu anga, mng'ono wawo wokonza zamagetsi, adalowererapo. Adamasula makinawo patebulo langa lodyera, timawaya mbwee, girisi pansalu yanga yoyera.

"Taonani alamu," adatero akundionetsa kachipangizo kochepa ngati chala. "Kilachi imafuna moto wambiri pongoyamba kugwira basi. Ikaluma, pang'ono pokha pakwana. Aka kazichepetsa moto ikangoluma. Batire lizifika madzulo."

"Wakuuzani ndani kuti tikufuna lizifika madzulo?" ndidafunsa.

"Aa, alamu inu! Nsanje mpaka ndi madzi omwe?"

Amuna anga adaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, ija idatsala yamoyo. "Musiye uyu, akufuna ndizikhala pakhonde kumawerenga njinga zodutsa."

Ndidapemphera kuti zikanike, ndithu ndidapemphera. Koma alamu atalumikiza batire n'kukoka ndi manja onse awiri, kilachi sidaterereke. Adandigwiritsa: yozizira, pomwe kale inkatentha yosagwirika. Ntchito inali yabwino, sindinganame. Manja ali nawo mwamuna uja, chimene adamanidwa ndi makutu.

Kuyambira pamenepo bambowo ankabwera dzuwa litapendeka, nsomba zodzaza beseni, nkhope ili ngwee. Mankhwala a masana ndinkawapeza m'thumba la jekete atanyowa, osamwa. Ndikalankhula akuti ndikulosera zoipa. Ndidatopa, ndidayamba kungolandira nsombazo n'kumapala.

Tsiku lomalizalo asodzi angapo adaliona boti lathu likudutsa masana. Wina adakweza dzanja kupereka moni, sadayankhidwe, iye n'kungoti munthu wa dzanja limodzi watanganidwa ndi mbedza. Sindiwada. Boti loyenda mowongoka chomwecho, ndani angaganize kuti mwini wake wagwa pansi? Lidapitirira mpaka mafuta kutha, kutali kumene asodzi safikako. Msodzi wina mwa amene adapita kukawafunafuna adawapeza m'mawa mwake, atamwalira kale. Adokotala adati inali sitiroko yachiwiri, ndipo akadafika nawo tsiku lomwelo mwina pakadachitika kanthu. Mawu oti mwina amenewo ndi amene ndimadzuka nawo.

Alamu sabweranso kuno. Ndikakumana nawo pamsewu amawolokera tsidya lina, ine sindiwaitana. Ndiwauze chiyani? Kuti adalakwa kugwira bwino ntchito?

Patapita masiku ndidapita kwa msodzi amene adawapeza uja. Ndidamupeza akusoka ukonde kuseri kwa nyumba yake. Ndidamufunsa ngati bambowo adavutika nthawi yaitali.

"Sindikudziwa, mayi," adatero osandiyang'ana. "Anali atagona chammbali, mbedza ili m'manja."

Adamanga mfundo paukondewo, kenaka adawonjezera, mwina poganiza kuti akunditonthoza.

"Koma pofuna kulikoka botilo chiwongolero chidakana kutembenuka. Ndidachita kuzimitsa makina aja. Batire linali likadali ndi moto."