Shuga wa a Lemuel

Maphunziro a Charlesetta Gaines anafera m'mazira. Boma linkapereka ndalama, yunivesite ina inkatumiza dokotala ndi aphunzitsi mwezi ndi mwezi, kachipatala ka m'tauni mwathu n'kupereka chipinda. Akuti cholinga chinali choti pakati pa ife anthu akuda a kuno ku Delta, kummwera kwa dziko lino, amene ali ndi HIV azisamalidwa ndi anzawo, kufupi ndi kwawo. Charlesetta ndi anzake ophunzira ntchitoyi anawajambula zithunzi, kuwagawira masikipa ofiira, akuluakulu n'kulankhula mpaka thovu kukamwa. Ndiye tsiku lina anangouzidwa kuti thandizo laima. Laimiranji? Kaya. Dokotala sanaonekenso, galimoto ya pulojekiti anadzaitenga, m'chipinda muja anaunjikamo makatoni.

Charlesetta anabwerera kufakitale yosenda milamba. Koma lamulo loyamba la maphunziro aja linamukhala m'mutu: matenda a munthu, woulula ndi mwini wake. Ndipo panali a Lemuel Broadnax, amene mankhwala awo a HIV anali pafupi kutha. Dokotala sakanalemba ena asanawayeze magazi, ndipo dokotalayo tsopano anali kumzinda wa Jackson, ulendo wotha tsiku lonse kupita ndi kubwera.

A Lemuel galimoto analibe. Ankakhala ndi mlongo wawo wamkulu, mayi Verdell, otsogolera kwaya kutchalitchi, ndipo mayiwa ankadziwa kuti m'bale wawoyo amadwala shuga. Kuno shuga sachititsa manyazi. Abusa ali naye, theka la kwaya lili naye. Ukati ndili ndi shuga, anthu amati pepa, n'kukubisira zotsekemera, nkhani yatha. Koma ukangotchula matenda enawo, kapu yako amayamba kuitsuka payokha.

Lamlungu ataweruka kutchalitchi, Charlesetta anatenga mbale ya nkhuku yokazinga ndi masamba n'kupita nayo kwa a Broadnax, monga amachitira aliyense pozonda wodwala. Anawapeza a Lemuel pakhonde, malaya akuwakhwepa m'mapewa.

"Bambo Lemuel, mankhwala aja atsala bwanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Atsala oti ndikumawadziwa ndi mayina," anatero, n'kuseka okha.

"Musaseke. Mukadukiza, kachilombo kadzuka. Lachitatu ndipempha tchuthi, tipite pa galimoto yanga."

"Iwe mwana, chithunzi chako chinatuluka m'nyuzipepala utavala sikipa ija. Kukwera galimoto yako kuloza ku Jackson, bola ndingokwera paguwa ndilengeze ndekha."

"Ndiye apempheni mayi Verdell akuperekezeni."

"Ndinawapempha. Akuti shuga amayeza pompano, ku Jackson kuli shuga wa mtundu wanji?"

"Auzeni zoona."

A Lemuel anayang'ana pabwalo. "Achemwaliwa ndi amene anandilera, amayi atamwalira. Koma msuweni wathu Alvester atapita ndi matenda amenewa, matiresi ake anawotchera apo, pafupi ndi mtengowo, ndi mabulangete omwe. Akulira, komabe anawotcha. Ukufuna ndikagone kuti?"

Kumaphunziro kuja phunziro lotsatira likanakhala lomweli, la mmene ungathandizire munthu kuuza abale ake. Silinafike. Mkwiyo unamugwira Charlesetta, koma wokwiyira panalibe, poti amene anatseka mpopi wa thandizowo sanawaonepo n'komwe.

Chitseko chinatseguka, mayi Verdell natulukira akadali ndi chipewa cha kutchalitchi, m'manja muli kabokosi.

"Charlesetta mwanawe, wafika bwino! Ndagula kamakina koyezera shuga, koma timalemba take n'tochepa ngati nyerere. Iwe unaphunzirako zachipatala, ngakhale zinali za matenda enawo, Ambuye atichitire chifundo. Tamuyeza uyu, wandisowetsa mtendere ndi Jackson wakeyo."

"Achemwali, ndangodya kumene," anatero a Lemuel.

"Wadya chiyani iwe? Mbale ili apo yosavundukula. Bweretsa chalacho, usachite ngati khanda."

Akanakana bwanji? Charlesetta anapukuta chalacho, n'kuchibaya. Kadontho ka magazi kanatuluka. Iye yekha ndi mwini wake ndi amene ankadziwa chimene chinali m'kadonthomo, chomwe kamakinako sikanapangidwe kuti kachione. Kanalira, nambala n'kuoneka.

"Ikuti bwanji?" anafunsa mayi Verdell.

Charlesetta anaganiza zonama, kunena kuti wakwera moopsa, akufunika ku Jackson mawa lomwe. Koma mayi Verdell anali atamulanda kale kamakinako, atakayandikiza kumaso. Munthu wa m'kwaya yodzaza ndi odwala shuga, nambala yabwino amaidziwa.

"Yesu wanga! Iyi ndi ya munthu wabwinobwino! Lemuel, wachira!" Anavula chipewa n'kuchikupiza m'mwamba. "Chaka chonse ndikusala kudya Lachisanu lililonse chifukwa cha iwe. Ndani anati Mulungu sayankha? Ku Jackson kukatani tsopano?"

"Mayi," anatero Charlesetta, "kamakina aka sikaona zonse. Dokotala akufunikabe awaone. Taonani mmene awondera."

"Wawonda poti ndimamumana zonona. Sikaona chiyani?" Mayi Verdell anasiya kuseka, n'kumuyang'anitsitsa. "Ngati pali china, nena mwanawe. Uyu ndi m'bale wanga, ndilibenso wina."

Mawu anali pamlomo penipeni. Charlesetta anatembenukira kwa a Lemuel, maso ake akuwachonderera. Iwo anali atazolika, akufinya kathonje pachala.

"Palibe china, achemwali," anatero. "Ndachira."

"Aleluya! Lamlungu likubwerali ukapereka umboni, mpingo wonse umve. Imirirani, tigwirane manja." Anawakoka onse awiri. Dzanja la a Lemuel linali lotentha, mafupa okhaokha, ndipo linamufinya Charlesetta mpaka kuwawa.

"Charlesetta, uthenga wabwinowu wadzera m'manja mwako," anatero mayi Verdell, misozi ili mbwe. "Tsogolera pemphero ndiwe."

Charlesetta anatsinzina. Anadikira pang'ono, kuti mwina a Lemuel atsokomola, mwina anena kuti taimani. Kunali zii. Ndiye anatsegula pakamwa, n'kuyamba kuthokoza.